Dzina Lomwe Linaduka Pakati pa Maseva Awiri

Ine, mayi amene dzina langa ndi mudzi wakwathu mwazikopera kale pa chiphaso n'kuzilemba pamwamba pa pepalali, ndili ndi zaka 37, ndimakhala m'nyumba ya lendi kuseri kwa depoti ya mabasi, ndipo ntchito yanga ndi yolemba ndi kukonza mapulogalamu a kompyuta. Ndabwera ndekha, palibe wandiitana. Ndikupereka umboni pa nkhani ya bambo woyendetsa lole amene ali m'chitolokosi muno chifukwa chovulaza kalaliki wa ku mochale Lachinayi pa 10 Epulo. Ndinalipo tsikulo. Koma nkhaniyi inayamba kale, choncho ndiyambira kumutu.

Pa kampani yathu tilipo anthu asanu ndi mmodzi. Zaka zitatu zapitazo tinapanga pulogalamu ya pa intaneti yothandiza kupeza anthu osowa. Chipatala chikalandira mtembo wopanda abale, kalaliki wa ku mochale amalemba dzina ngati lapezeka, tsiku ndi zovala. Zimenezo zimapita ku ofesi ya mzinda yoona za anthu osowa. Munthu akabwera ku ofesiko kudzanena kuti m'bale wake sakuoneka, kalaliki wa kumeneko amalemba dzinalo, pulogalamu n'kufufuza ngati likufanana ndi lina lochokera ku zipatala. Likafanana, mzere wa dzinalo pa kompyuta umafiira.

Pulogalamuyi imakhala pa kompyuta yaikulu yomwe timaitchula kuti seva. Poyamba zipatala zonse zisanu ndi ofesi ya mzinda zinali ndi maseva a mtundu umodzi. Mu Januwale ofesi ya mzinda inaika seva yatsopano yopangidwa ndi kampani ina. Pulogalamu inali yomwe ija, koma itakhala pa seva yatsopanoyo inayamba makhalidwe achilendo. Inkatsekera anthu kunja ali mkati molemba, inkakana kusindikiza, ndipo inkatembenuza madeti, 3 Febuluwale n'kusanduka 2 Malichi.

Lolemba pa 3 Febuluwale abwana anandipatsa ntchito yoti pulogalamu iziyenda chimodzimodzi pa maseva onse. Ndinayamba ndi kulemba mndandanda wa mavuto. Anakwana 23.

Lachitatu pa 5 Febuluwale, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndinkayesa katumizidwe ka maina. Poyesera ndimangolemba mawu aliwonse obwera m'mutu. Tsikulo ndinalemba mawu oti ng'ombe pa seva ya chipatala. Ku ofesi ya mzinda kunafika zilembo ziwiri zokha, n ndi g. Kachizindikiro kapamwamba kaja seva yakale inkakalemba mwa njira yake, yatsopano sinkakazindikira, ndipo inkadula mawu pomwepo n'kutaya zotsalazo. Ndinayesa katatu, zinali chimodzimodzi. Ndinalemba vutoli pa nambala 19.

Mawa lake tinakhala pansi ndi abwana kuona mndandanda. Nditafika pa 19 ndinawauza kuti seva yadya ng'ombe yonse, yasiya nyanga zokha. Tinaseka tonse. Iwo anati tiyambe ndi zomwe zikuwayabwa akuluakulu a ku ofesi ya mzinda, monga kusindikiza ndi madeti, chifukwa mafoni awo sakuwapumitsa. Anandifunsa ngati anthu a maina otere alipo ambiri. Ndinayankha kuti ndi ochepa. Sindinawerenge. Pambali pa vuto lililonse tinkalemba kuti lalikulu, lapakati kapena laling'ono. Pa 19 ndinalemba kuti laling'ono. Abwana sanandiuze kutero. Ndinalemba ndine, ndi dzanja langa.

Kuyambira pa 3 Malichi ndinkagwirira ntchito ku ofesi ya mzinda komweko. Anandipatsa tebulo pakona, mamita atatu kuchokera pa kauntala pomwe anthu amafikira. Pa kauntalapo pamakhala kalaliki wamkazi. Kutsogolo kwake kuli mabenchi awiri.

Sabata yoyambayo ndinaona mayi wina wa zaka pafupifupi 60. Ankabwera Lolemba ndi Lachinayi lililonse, 8 koloko isanakwane, atanyamula ambulera ya buluu ndi envelopu yofiirira momwe munali chithunzi cha amuna awo. Ankadikira pa benchi mpaka kauntala atsegule. Kalaliki ankalemba dzina, n'kuyang'ana, n'kuwauza kuti palibe, adzayesenso. Tsiku lina anawauzanso kuti akamaona dzina silikutuluka azithokoza, chifukwa ndiye kuti bambowo sali ku mochale kulikonse. Mayiwo anagwedeza mutu n'kubweza chithunzi mu envelopu.

Lachinayi pa 13 Malichi, nthawi ili 9:20, mayiwo anaweramira pa kauntala n'kunena kuti, "Mwana wanga, dzinali lili ndi kamchira pamwamba, pambuyo pa g. Anthu amakonda kukaiwala." Kalaliki anawatembenuzira kompyuta kuti aone okha kuti wakaika. Ine ndinamva mawu amenewo. Ndinali pa vuto nambala 7, la madeti, ndipo abwana anali ataimba kale kawiri m'mawa womwewo. Ndinatenga kapepala kachikasu, ndinalembapo 19, ndinakamata m'mbali mwa laputopu. Kanagwa tsiku lomwe sindikulidziwa. Sindinalembenso kena.

Lolemba pa 24 Malichi mayi aja anandipempha kuti atchaje foni yawo pa soketi yomwe inali pansi pa tebulo langa. Ndinawapatsa mpando. Anakhala nane pafupifupi mphindi 40. Anandiuza kuti amuna awo ndi kalipentala, ndipo anachoka pakhomo Lachiwiri pa 25 Febuluwale m'mawa kukafuna mahinjesi a kabati yomwe ankapanga. Foni anaisiya patebulo. Anali ndi matenda othamanga magazi. Anati mwana wawo wamwamuna, woyendetsa lole, anasiya ulendo n'kubwerera, ndipo awiriwo anazungulira zipatala zitatu za kufupi ndi kwawo, kwa abale onse, ndi kwa anzawo a bambowo. Anati kabati ija anaifunditsa nsalu kuti amuna awowo akabwera asadzawakalipire za fumbi. Potenga foni anandifunsa kuti, "Makina anuwa saphonya, eti?" Ndinawayankha kuti tikuwakonza. Anandithokoza, anapita.

Mavuto ndinkawakonza motsatira mndandanda. Pa 28 Malichi ndinali pa nambala 13. Pa 4 Epulo ndinali pa nambala 17.

Lachiwiri pa 8 Epulo, nthawi ili 2:10 masana, ndinafika pa 19. Ndinasintha mizere iwiri ya pulogalamu kuti seva yatsopano iziwerenga zilembo monga momwe yakale imazilembera. Zinanditengera mphindi 20. Kenako ndinaitanitsanso maina onse ochokera ku zipatala kuyambira mu Januwale. Maina 14 omwe anali oduka anafika athunthu. Mzere umodzi unafiira.

Ndinautsegula. Linali dzina la kalipentala uja. Linachokera ku chipatala chaching'ono cha kumpoto kwa mzinda, makilomita 26 kuchokera ku ofesiko, pafupi ndi msika wa matabwa ndi zitsulo. Zolembedwa zinkasonyeza kuti bambowo anagwa pa siteji ya basi pa 25 Febuluwale ndipo anafika kuchipatala atatsirizika kale. M'thumba munali kabuku ka kuchipatala kokhala ndi dzina lawo, kopanda nambala ya foni. Kalaliki wa ku mochale analemba dzinalo tsiku lomwelo nthawi ili 3:40 masana, lathunthu, ndi kachizindikiro kake komwe. Lamulo limati mtembo wopanda abale usungidwe masiku 30, kenako uikidwe ndi a mzinda. Kalalikiyo anapempha kuti awonjezere sabata imodzi, ndipo anamulola. Bambowo anaikidwa Lachisanu pa 4 Epulo. Mkazi wawo analembetsa ku ofesi ya mzinda pa 28 Febuluwale. Pofika tsiku limenelo dzina linali kale pa seva ya ofesiyo, koma loduka, zilembo zinayi zokha.

Ndinatuluka panja n'kuwaimbira abwana. Anati ndisauze aliyense chomwe chinachititsa, ndingomuonetsa kalaliki wa pa kauntala mzere wofiirawo, zotsalazo asamalira okha. Ndinachita zomwezo. Kalalikiyo anagwira pakamwa, anandifunsa kuti dzinali linali kuti masiku onsewa. Ndinati langofika kumene.

Lachitatu pa 9 Epulo abwana analemba kalata yopita ku ofesi ya mzinda. Inali ndi chiganizo chakuti zolembedwa za malemuwo zinafika mochedwa kuchokera kuchipatala. Anandipatsa kuti ndiiwerenge isanapite. Ndinakonza mawu amodzi omwe analakwika kalembedwe, ndinawabwezera. Masana omwewo kalaliki wa pa kauntala anaimbira banja lija. Ndinamumva akuwauza kuti achipatala ndi amene anachedwa kutumiza dzina.

Lachinayi pa 10 Epulo abwana ananditumiza ku chipatala chaching'ono chija kukaona ngati seva ya kumeneko ikugwirizana bwino ndi zomwe ndinasintha. Ndinafika 9 koloko. Sevayo ili m'kabati yachitsulo mu ofesi ya ku mochale, chifukwa ndi chipinda chomwe chimakhala chozizira. Ofesiyo ndi ya mamita anayi m'litali, atatu m'lifupi. Muli tebulo limodzi, mipando iwiri, kabati ya seva ndi kabati ina yachitsulo ya mafayilo pafupi ndi chitseko.

Kalaliki wa kumeneko ndimamudziwa kuyambira pomwe tinkaphunzitsa anthu pulogalamuyi. Ndi bambo a zaka 56. Chipatala chonse chimawatchula kuti a Bwinobwino, chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pawo. Pa kompyuta amalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha, ndipo dzina lililonse amaliwerenga mokweza kawiri asanatumize. Amakonda kunena kuti makasitomala awo sadandaula, choncho amawadandaulira ndi iwowo. M'mawa umenewo anandiuza kuti kukubwera abale a kalipentala uja. Anati katundu wa malemu amayenera kutayidwa pa tsiku la kuikidwa, koma wa bambo ameneyu anamusunga, chifukwa munthu woyenda ndi tepi yoyezera m'thumba sangakhale wopanda kwawo.

Nthawi ili 10:15 analowa mayi aja ndi mwana wawo, amene ali m'chitolokosiyu. Ndi wamtali, wa zaka pafupifupi 35, anavala malaya otuwa. Sananyamule chida chilichonse. Mayiwo anandizindikira, anandipatsa moni. Ine ndinali chogwada pafupi ndi kabati ya seva, laputopu ili pa mpando.

A Bwinobwino anaimirira, anawapepesa, anapatsa mayiwo mpando wawo. Anatsegula kabati ya mafayilo n'kutulutsa jumbo yoyera yomanga ndi chingwe. Anaimasula patebulo. Munali jekete yakuda, nsapato zofiirira, chipewa, kabuku ka kuchipatala, tepi yoyezera, pensulo yaifupi ndi kapepala kokulunga mahinjesi anayi. Mayiwo anatenga nsapatozo n'kuziika pamiyendo pawo.

Mwana wawoyo anafunsa chifukwa chake dzina la bambo ake linasungidwa pachipatalapo masabata asanu ndi limodzi osatumizidwa, amayi ake akutha nsapato ndi ulendo wa ku ofesi ya mzinda. Anafunsa ndi mawu otsika. A Bwinobwino anayankha kuti analitumiza tsiku lomwelo, ndipo anatsegula buku lawo lalikulu kumuonetsa. Iye sanayang'ane m'bukumo. Anati a ku ofesi ya mzinda awauza zina, ndipo kalata ilipo. Anati bambo ake aikidwa ngati galu wogundidwa pamsewu chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi. Apa mawu anali atakwera.

A Bwinobwino anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Achemwali, inu ndi amene mumadziwa makinawa. Auzeni."

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinayang'ana pa laputopu. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, mwina masekondi khumi.

Mwanayo anawamenya a Bwinobwino chibakera chimodzi kumaso, ndi dzanja lamanja. Chinali chimodzi chokha. Iwo anagwa chagada n'kumenyetsa mbali ya kumanzere ya mutu pa kona ya kabati ya mafayilo, yomwe inali chitsegulire. Magalasi awo anasweka. Magazi ankatuluka pamwamba pa diso ndi m'khutu. Ndinavula juzi langa n'kupsinja pabalapo, ndinakuwa kuitana anamwino. Mwanayo sanathawe. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, manja ali pamutu, mpaka alonda awiri anafika patapita mphindi zitatu. Pomutulutsa sanalimbane nawo. Mayiwo anakhalabe pa mpando, nsapato zili pamiyendo.

Apolisi atafika cha m'ma 11:30 anandifunsa ngati ndinaona. Ndinati ndinaona chibakera. Sanafunse zina, inenso sindinawonjezere.

Lachisanu pa 11 Epulo abwana anandiitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Anati achipatala awaimitsa kaye ntchito a Bwinobwino mpaka afufuze za kuchedwa kwa dzina. Anati zimenezo zizizira zokha. Mawu awo omwe ndikuwakumbuka bwino ndi akuti, "Apolisi akadzakufunsaninso, munene za chibakera basi. Musapute mavu pachisa, tonse tili ndi ana." Ine ndili ndi ana awiri. Ndinati ndamva.

Loweruka pa 12 Epulo, nthawi yoona odwala ya masana, ndinapita ku wodi ya abambo. A Bwinobwino anali pa bedi lachitatu kuchokera pakhomo, mutu uli m'mabandeji. Mkazi wawo anandiuza kuti diso lakumanzere madokotala sakulonjeza kanthu, ndipo kalata yowaimitsa ntchito anailandira iwowo, sanawaonetse. A Bwinobwino anandikodola kuti ndisendere kufupi ndi khutu lakumanja. Anandifunsa kuti, "Dzina lija ndinalilemba bwino, eti?" Ndinati munalilemba bwino, bambo. Anati, "Basi." Kenako anafunsa ngati mayi aja anatenga katundu yense, chifukwa mahinjesi anagwera pansi pa tebulo. Za tsiku lija sanandifunse kanthu.

Lolemba pa 14 Epulo, dzulo, sindinapite kuntchito. Nambala ya foni ya mayi aja ndinaikopera pa fomu yomwe analembetsa ku ofesi ya mzinda. Malamulo a ntchito yathu saloleza zimenezo, ndipo mulembe kuti ndinatero. Ndinawaimbira 7 koloko m'mawa. Anati akupita kumanda a mzinda kukaona pomwe anagona amuna awo, koma alibe wowaperekeza, poti mwana wawo ali kuno ndipo abale akudikira kuti mkulu wa banja abwere kaye. Tinakumana pa depoti 9 koloko.

Kuchokera pomwe basi inatitsitsa kukafika pa geti la manda ndi mtunda wa kilomita imodzi. Panjirapo ndinawauza zonse zomwe ndanena pano, kuyambira pa 5 Febuluwale. Ndinawauza kuti a Bwinobwino sanachedwetse dzina, kuti vutolo ndinalidziwa amuna awo akadali moyo, ndiponso kuti ndinawamva tsiku lomwe ankanena za kamchira kapamwamba. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anaima, anatsamira ambulera yawo, n'kundifunsa kuti kukonzako kunatenga masiku angati. Ndinati mphindi 20. Anayambanso kuyenda. Titatsala pang'ono kufika pa geti anati, "Mukawauze apolisi zomwezi. Mwana wanga wamenya munthu wosalakwa, ayenera kudziwa."

Tinafika 10:40. Woyang'anira manda anayang'ana m'buku lake n'kutitsogolera kumapeto, pafupi ndi mpanda wa waya, mamita pafupifupi 200 kuchokera pa geti. Anati pa 4 Epulo anaika anthu atatu opanda abale pa mzere wachisanu ndi chimodzi, moyandikana. Zikwangwani za manambala zinali zitatha mwezi wathawo, ndipo okumba a tsikulo anali aganyu omwe sakudziwa komwe amakhala. Anati sangatinamize kuti kalipentalayo ali pati pa mitumbira itatuyo. Anati kufukula kumafuna chilolezo cha khoti.

Mayiwo anandipatsa ambulera ndi chikwama kuti ndiwagwirire. Anagwada pa mtumbira woyamba, anachotsa mapepala ndi majumbo omwe mphepo inaunjikapo, anazula tiudzu, anasalaza dothi ndi manja. Atamaliza anasendera pa wachiwiri n'kuchita chimodzimodzi, kenako pa wachitatu. Pa uliwonse ankatchula dzina la amuna awo kamodzi n'kunena kuti, "Ndabwera." Woyang'anira manda anavula chipewa. Tinachokako 12:30.

Lero, Lachiwiri pa 15 Epulo, ndabweretsa zinthu zitatu ndipo ndazipereka kwa inu: mndandanda wa mavuto 23 wokhala ndi zolemba za dzanja langa, pepala losindikizidwa kuchokera pa seva ya chipatala losonyeza tsiku ndi nthawi yomwe a Bwinobwino anatumiza dzina, ndi kope la kalata ya pa 9 Epulo. Abwana sakudziwa kuti ndili kuno. Maina ena 13 omwe anaduka aja sindikudziwa ngati alipo abale omwe anawafunapo n'kutopa asanalembetse. Mndandanda wake uli kumapeto kwa pepala lachiwiri.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Mwandiwerengera zonse, ndipo ndi momwe ndanenera.

Saini ya wopereka umboni: ..............................

Saini ya wapolisi wolemba: ..............................